Tsiku Limene Ndinakhala Nkhoswe wa Mzungu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 2 pa sekondale yoyendera ku Lirangwe, matipate atangobwera kumene. Chingerezi chinali chitandikana. Aphunzitsi akafunsa funso ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga. Bambo anga, amene ankagulitsa kaunjika pamsika, anali atagamula kale: "Asiyatu, ukalepheranso Chizungu temu ino, basi, sukulu yatha. Uzidzandithandiza pabenchi."

Amene ankatiphunzitsa nthano za Chingerezi anali Mayi Kachingwe, ndipo buku linali limodzi kalasi yonse. Munali nkhani ya mkazi wa ku Mangalande amene anathawa mwamuna wake chidakwa. Ife tinkangoloweza mayina osamva kanthu. Tsiku lina mayiwo anatseka bukulo mokwiya.

"Banja likutha ili, inu mukungoyang'ana! Kwathu kuno banja likagwedezeka timaitana ndani?"

"Ankhoswe!" tinayankha tonse.

"Tulukani ndiye. Koma mlanduwu ndi wa m'Chizungu chokhachokha."

Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango, ndege ina ikulira cha ku Chileka. Yohane, katakwe wa kalasi yathu, anamusankha kukhala nkhoswe wa mwamuna. Chala cha Mayi Kachingwe chinazungulira, chinazungulira, n'kudzaima pa ine kuti ndikhale nkhoswe wa mkazi. Ndinafuna nthaka itang'ambika.

Yohane anayamba ndi Chingerezi chake choterera ngati therere. Anati mkaziyo ndi wamwano, abwerere akapepese ndi nkhuku. Apa ndiye magazi anandiwira. Malume anga anali nkhoswe wa mabanja ambiri, ndipo pokawapatsira alendo madzi pakhonde ndinkatchera khutu. Ndinkadziwa kuti nkhoswe saweruza asanafunse.

Ndinaimirira. Ndinafunsa kuti mwana wa banjalo atadwala, bambo ake anali kuti. Chizungu changa chinatuluka chothyokathyoka, anyamata n'kufa nazo nseko. Sindinasamale. Ndinalanda bukulo, n'kufufuza mpaka ndinapeza pamene mkaziyo ankadikira pakhomo mwana akutentha thupi. Ndinawerenga mokweza, liwu ndi liwu. Kuseka kuja kunazilala. Ndinafunsanso kuti mphete ya mkaziyo anagulitsa ndani, nanga ndalama zake zinapita kuti. Yohane anangobwerera kukakhala pansi.

Kalasi inagamula kuti nkhuku ichokere kuchimuna. Atsikana anaimba nthungululu mpaka ahedi anasuzumira pawindo. Chimwemwe chimene ndinamva tsiku limenelo sindinachimvenso ngakhale pa ukwati wanga.

Kuyambira pamenepo bukulo ndinkalibwereka pa buleki, kufuna kudziwa ngati mkazi ndinamuteteza uja anapeza mtendere. Temu itatha ndinakhoza. Bambo atamva anati, "Kaunjikayu ndizigulitsa ndekha."

Pano ndakula, ndipo ndazindikira chimene Mayi Kachingwe ankadziwa. Sikuti Chingerezi ndinalibe. Chinalimo m'mutu, koma ndinalibe munthu woti ndimuyankhulire. Ndinamupeza m'buku, mzungu amene sanakhalepo ndi moyo, ndipo pomuteteza iyeyo ndinapulumutsa sukulu yanga.