Tsiku Limene Amai Anathamanga mu Lusaka

Nsapato zija zinali zachikasu, za salaula, zovalidwapo kale, ndipo yakumanzele inali ndi chingwe cha mtundu wina. Amalume anazigula pa msika wa ku Petauke atagulitsa thonje lao, ndipo sankalola munthu kuzikhudza. Ankazichapa ndi mswachi wakale n'kuziyanika padenga la nkhokwe kuti galu asazipeze. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwili, ndipo ndinkazinunkhiza mobisa. Zinkanunkha sopo ndi phazi la munthu wina amene sitidzamudziwa.

Inali nyengo yozizila, ya fumbi, minda itayela. M'mamawa uliwonse amalume ankatuluka atavala kabudula n'kuyamba kuthamanga mumsewu wochokela kwathu ku Ndake kulowela ku Nyimba. Kwathu munthu wamkulu sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti nyumba yapsa, ng'ombe zalowa m'dimba, kapena wina wamwalila. Ndiye masiku oyamba anthu ankatuluka ndi mabulangete pamapewa, "Kwagwanji? Kwagwanji, bambo?" Mdala wina anawatsatila ndi nkhwangwa mpaka kumtsinje, akufunsa kuti wakubayo walowela kuti. Amalume anangoti, "Palibe wakuba, ndikuyeseza." Ife ana tinaseka mpaka kugwa pansi, ndipo kuyambila tsikulo tinkawathamangila kumbuyo, mapazi ong'ambika ndi mphepo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, mpaka atatisiya.

Aphunzitsi a pasukulu yathu ndiwo anawauza kuti mu Lusaka mumachitika mpikisano waukulu, mtunda wake woposa theka la ulendo wochokela ku Nyimba kupita ku Petauke, ndipo ambili sathamangila mphoto, amangofuna kukafika. Anawalembetsa pa foni yao. Amai atamva anaika lichelo pansi. "Kuthamanga popanda wokuthamangitsa? Wayamba chamba iwe?" Amai ndiwo analela amalume, mau ao anali lamulo. Amalume akanatha kungokwela basi mwakachetechete, koma sanafune kukamaliza popanda amai kuwaona. Milungu yonse ija ankangopempha, "Mana, tiyeni mukaone chabe." Mana ndi momwe amaitanila mlongo wamkulu ku Mozambique, kumene onse awili anabadwila. Pomaliza amai anati, "Ndipita. Koma ndikakaona zamisala ndikakugwila khutu, tibwelele."

Ndipo ananditenga! Kanali koyamba kukwela basi yaikulu, koyamba kuoloka mlatho wa Luangwa, fungo la nsomba zouma likulowela pawindo, mapili akuzungulila mpaka ndinasanza m'pulasitiki, koma ndinapukuta pakamwa n'kubwelela pawindo pomwepo.

Tinagona kwa wachibale. Kutangocha tinali kale pamsewu waukulu umene anautseka kuti magalimoto asadutse. Anthu! Azimai onenepa a m'maofesi, madala a imvi, azungu ofiila miyendo, wina atavala wigi yobiliwila, wina pa njinga ya olumala, nyimbo zikugunda mpaka m'mimba. Amalume anali ndi nambala pachifuwa, yogwilitsa ndi mapini anai, akudumphadumpha, mano onse panja. Ife tinaima m'mbali, pafupi ndi chingwe.

Palibe anatiuza kuti amayamba ndi mfuti.

Inalila kamodzi, phaa! Khamu lonse linanyamuka. Ine ndinakuwa ndi chimwemwe, ndipo ndisanatseke pakamwa amai anali atandigwila pamkono, tadutsa pansi pa chingwe, tili pakati pa othamanga. Amai amene sindinawaonepo akufulumila ngakhale mvula ikubwela chimanga chili pamphasa! Chitenje m'dzanja, mapatapata atatsala kumbuyo, mutu pansi, akuwadutsa azibambo a makabudula mmodzimmodzi. Mapazi anga sankafika pansi bwinobwino. Anthu a m'mbali anayamba kuomba m'manja, "Amai! Amai! Tiyeni nazo, amai!" Ine ndinkaseka, ndikuwabaibitsa ndi dzanja linalo. Ndinkati amai asintha maganizo, alowa nao mpikisano, ndipo tipambana ndife.

Lelo ndili ndi mwana wanga wa miyezi isanu ndi inai, ndipo ndimaopa zonse, mbaula, njinga zamoto, kachifuwa kakang'ono. Tayala likaphulika pamsewu waukulu ndimangoona kuti ndamunyamula kale. Ndiye ndikakumbukila kuseka kwanga kuja ndimachita manyazi. Amai anathawa nkhondo ya ku Mozambique ali kamtsikana, atabeleka amalume, mfuti zikulila kumbuyo kwao. Izi ndinazimva bwino nditakula.

Amalume anamva anthu akufuula ndipo anacheuka. Anabwelela, akugundana ndi anzao, n'kuyamba kuthamanga pambali pa amai. Sanawagwile. Ankangoti, "Mana, dzutsani mutu. Onani, akuseka. Onani uyo akudya nthochi. Palibe akutithamangitsa, Mana." Tinathamanga chomwecho tonse atatu mpaka pa tebulo la madzi. Pamenepo amai anaima, nayang'ana kumbuyo koyamba. Kunali makapu a pulasitiki atamwazikana pansi, ndi gogo wina akubwela pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Amai anakhala pansi m'mbali mwa msewu, chifuwa chikukwela n'kutsika, zala zao zitasiya mizele pamkono wanga. Amalume anagwada n'kuyamba kumasula mapini a nambala. "Basi, Mana, tiyeni kunyumba." Ine ndinayamba kulila. Nyengo yonse ija, kudzuka konse kuja, zithele pa tebulo la madzi? Amai anawamenya padzanja. "Siya. Wandikokela kuno konse kuti ndidzaone ukuvula pepala? Pita."

Amalume anapita, ali kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa gogo uja.

Mai wina woyang'anila mpikisano anatipelekeza pomalizila, anapezanso patapata limodzi la amai. Tinadikila mpaka dzuwa linafika pamutu. Ine ndinakuwila aliyense wofika, woyamba, wachikumi, wokwawa, wolila, mpaka mau anatha. Amalume anadzatiuza zonse m'basi pobwelela: kuti anthu osawadziwa ankawaitana ndi nambala yao, kuti mai wogulitsa malalanje anawaponyela limodzi losenda kale, kuti chakumapeto miyendo inali ngati ya munthu wina, kuti pa chitunda china anakokana manja ndi mdala wa ku Kitwe mpaka onse anayamba kuseka. "Mzinda wonse unali wathu, Mana. Magalimoto akudikila ife!"

Koma izo zinali za pambuyo. Pamene amalume anatulukila pa kona, akutsimphina, thukuta litauma n'kuyela kumaso ngati mchele, manja m'mwamba, ine ndinalumpha mpaka kuluma lilime. Amai sanaimbe nthungululu monga azimai ena. Anadikila kuti adutse mzele, awaveke mendulo, kenaka anawagwila mapewa n'kuwatembenuza. Anakweza malaya, napapasa msana wonse, kuyambila m'khosi mpaka m'chiuno, pang'onopang'ono, kenaka anayang'ana zala zao. Panalibe magazi. Amalume anawalola.

Ine ndinakoka chitenje chao. "Amai, mendulo ili kutsogolo!" Ndinkadabwa kuti munthu wamkulu akuifunafuna kumsana.