Mbale Imene Ndinalephera Kudya ku Westlands

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro ku Nairobi ndinkakhala ku Madaraka, m'kachipinda kamene tinkagonamo awiri. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali kutha mwezi wotsatira, ndipo makalata onse ofunsira ntchito amene ndinatumiza sanayankhidwe. Kwathu amayi anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo wapeza ntchito kunja.

Mnzanga wa m'chipindamo ndiye anandipezera mwayi. Ankadziwana ndi mayi wina wachikulire wa ku Malawi, wokhala ku Runda, amene anali mkulu m'bungwe lina lalikulu. Mayiwo ankafuna mnyamata woti azikayendera alimi ndi kulemba malipoti. Anandiitana kuti tikachezere pa chakudya chamasana ku Westlands.

Ndinabwereka jekete, n'kukwera minibasi, imene kumeneko amati matatu. Malowo anali odyera zakudya za ku Italy. Nditalowa ndinapeza mayiwo atakhala kale, magalasi ali pamphuno.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, mwana wanga. Khala. Sankha chimene ukufuna, ndili ndi ola limodzi lokha."

Woperekera zakudya, mayi wa ku Kenya wa msinkhu wa azakhali anga, anandipatsa menyu. Ndinaitsegula. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi, munalibenso Chingerezi chofotokoza. Pamwamba analemba antipasti, pansi pake primi, kenako secondi. Ndinaganiza kuti mwina primi ndi chakudya cha anthu apamwamba, secondi cha ife otsalira. Ndinatembenuza tsamba kufunafuna mawu oti nkhuku kapena mpunga, osawapeza.

Vuto langa silinali umbuli wokha. Kwathu timapembedza la Sabata, ndipo chibadwire nkhumba sinalowepo m'kamwa mwanga. Nkhanu ndi zinzake za m'nyanja sitidyanso. Penapake m'mawu achilendowo munali zonsezi, koma sindinkadziwa kuti zabisala pati. Foni inali m'thumba, koma bandulo inali itatha dzulo lake. Kufunsa ndinkaopa. Ndinkati akangoona kuti sindidziwa kuwerenga menyu, aziti uyu ndi wakumudzi, sangatiimirire pamaso pa azungu.

Thukuta linayamba kutsika mkati mwa jekete ya mwini. Mayiwo anaitanitsa chawo mosavuta, lilime likuchita kuterera. Woperekera uja anatembenukira kwa ine. Ndinaloza mawu amene ankaoneka ofatsa kuposa onse: amatriciana. Ankamveka ngati dzina la mayi wa kwathu.

Tinayamba kucheza. Anandifunsa za maphunziro anga, za ulimi wa kwathu, ndipo ndinkayankha bwino ndithu. Kenako mbale inafika: supageti wofiira ndi tomato, pamwamba pake tizidutswa ta nyama yamafuta tokazinga. Fungo lake ndinalizindikira. Ndi lija tinkalithawa tili ana podutsa pa chiwaya cha kumsika.

Ndinakodola woperekerayo n'kumunong'oneza m'Chiswahili changa chopunduka kuti ndi nyama yanji. Anayankha mokweza, mwansangala: "Nguruwe!" Ndiye kuti nkhumba.

Mayiwo anali kuyankha uthenga pafoni, sanamve. Ndinagwira foloko. Ndinapemphera chamumtima, kenako n'kuyamba kukambirana ndi Mulungu ngati munthu wotsatsa malonda: kamodzi kokha, Ambuye, ntchitoyi ndikuifuna. Ndinakulunga supageti, n'kukweza mpaka pachibwano. Dzanja linakana. Ndinabweza. Ndinayesanso kachiwiri, osatheka. Ndinayamba kungosuntha chakudyacho uku ndi uku, kumwa madzi, kutafuna buledi, ndipo mafunso awo sindinkawamvanso. Anandifunsa za mbewu yopirira chilala, ine n'kuyankha za fetereza.

"Iwe, bwanji sukudya?"

"Ndikudya, amayi."

"Usandinamize. Chavuta n'chiyani?"

Ndinaulula. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Ndiye unaitanitsiranji?"

"Sindinadziwe, amayi."

"Nanga osafunsa? Ineyo ndakhala pompano. Mayi uyu ntchito yake ndi yomweyo. Ukuganiza kuti ine ndinabadwa ndikudziwa Chitaliyana?"

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri. Anaitana woperekerayo, n'kundionetsa pa menyupo ndi chala: pollo ndi nkhuku, manzo ndi ng'ombe, koma guanciale, pancetta ndi prosciutto ndizithawa, zonsezo ndi nkhumba. Anandiitanitsira nkhuku. Isanafike anayang'ana wotchi, n'kunyamuka.

"Idya bwinobwino. Tikudziwitsa."

Ndinatsala ndekha. Nkhukuyo inali yokoma, ndikukhulupirira, koma ndinkameza ngati mankhwala. Woperekera uja pochotsa mbale anandigwira paphewa n'kunena kuti pole, ndiye kuti pepa.

Ndinadikira masabata awiri, foni osaisiya ngakhale popita kosamba. Uthenga utabwera unali wa mizere iwiri: atenga wina, andifunira zabwino. Mpaka lero sindidziwa ngati chinandigwetsa chinali mbale ija kapena mayankho anga osokonekera. Mayiwo ndinawalembera kuwathokoza, sanayankhe.

Mwezi utatha ndinakwera basi yodzera ku Tanzania. Ulendo wake ndi wa masiku atatu, ndipo onsewo ndinathera kukonza mawu okawauza amayi anga. Titawoloka malire ku Songwe mawuwo ndinali ndisanawapeze.