Wokana Nkhondo ndi Msilikali M'wodi Imodzi

Chaka chimene nkhondo ya ku Iraq inayamba ndinali nditangoyamba kumene unamwino pachipatala china mumzinda wa Hull, ku England. Anandiika ku wodi ya abambo okalamba. Chingerezi chawo chinkandivuta kumva, koma kusambitsa odwala ndi kupereka mankhwala ndinali nditazolowera kale kwathu.

Tsiku lina anatibweretsera abambo ena amene anathyoka m'chiuno atagwa m'bafa. Tinawagoneka pabedi ya pafupi ndi chitseko. Pabedi yoyandikana nayo, ya pawindo, panali abambo ena odwala chifuwa, munthu wanthabwala kwabasi. Atangoona wobwerayo, nkhope yawo inagwa. Anandikodola.

"Mwana wanga, ndichotse pano. Sindingagone pafupi ndi wamantha uyu."

"Kodi mukudziwana?" ndinafunsa.

"Tinakulira msewu umodzi, kufupi ndi doko. Boma litatiitana kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, tonse tinapita. Iyeyu anakana. Mkulu wanga sanabwereko."

Bedi ina kunalibe. Ndinangokoka katani pakati pawo.

M'mawa mwake, ndikuwameta ndevu, abambo a pachitseko anandifotokozera okha. Atakana usilikali anawaitanira kubwalo, ndipo anauza oweruza kuti sangaloze mfuti munthu amene mayi ake akumudikira kwawo. Anawatumiza kukalima m'mafamu, kenako kukafukula anthu m'nyumba zogumulidwa ndi mabomba mu Hull momwemo. Amayi ena ankawalavulira pamsewu. Mtsikana amene ankafuna kumukwatira anawabwezera mphete.

"Simunong'oneza bondo?" ndinafunsa.

"Masiku ena ndimatero. Adani aja anali oipadi, ndipo anzanga anafa ine n'kutsala. Koma mtima wanga unakana, ndipo mpaka lero sunasinthe."

Ndinakumbukira agogo anga aamuna. Pa nkhondo yoyamba, azungu anawagwira kuti azikasenza katundu wa asilikali, ntchito ya mtengatenga. Anabwerako miyendo itatheratu. Mng'ono wawo anathawira kuphiri, nakhala kumeneko mpaka nkhondo itatha. Pamudzi pathu ena ankatama wopitayo, ena wothawayo, ndipo ine ndinakula osadziwa woima naye. Abambo awiriwa anandibwezera funso lomwelo, ndipo ndinkapita nalo kunyumba m'basi tsiku lililonse.

Panatha sabata yathunthu osalankhulana. Ndiye masana ena, nthawi ya tiyi, wailesi ya kanema ya m'wodimo inayamba kuonetsa mabomba akugwa ku Iraq. Abambo a pawindo anayamba kunjenjemera, tiyi n'kutayikira pabulangete, mpweya ukuwathera. Mdzukulu wawo anali msilikali kumeneko. Ine ndinali nditagwirira wodwala wina amene ankaphunzira kuimirira, moti sindikanatha kumusiya. Ndinaitana mnzanga, koma anali kutali.

Abambo a pachitseko anatenga ndodo yawo n'kukankha katani ija.

"Iwe, tayang'ana kuno. Ukuwakumbukira aphunzitsi aja anatikwapula tonse chifukwa chothawa sukulu kukaona sitima za nsomba?"

Anapitiriza kulankhula mosathamanga, za msewu wawo, za galu wa wogulitsa malasha, za mkulu wa mnzawoyo amene ankawaphunzitsa kusambira. Pamene ndinkafika n'kuzimitsa kanemayo, mpweya unali utayamba kubwerera.

Kenako abambo a pawindo anati, "Mdzukulu wanga anapita mwa kufuna kwake. Koma akanamubweretsera kalata yokakamiza ngati yathu ija, sindikudziwa. Mwina ndikanamubisa m'denga."

"Ine ndikanamuuza kuti asankhe yekha," anayankha mnzawoyo.

"Usaganize kuti ndakukhululukira."

"Sindinakupemphe."

Kuyambira tsiku limenelo ankakangana tsiku ndi tsiku. Wina amvekere dziko likakuitana sukana, apo ayi adani adzakupeza pakhomo. Wina amvekere boma lilibe mphamvu yolamula munthu kupha. Nthawi zina ankandiitana kuti ndiweruze. Ndinkangoseka n'kuwauza kuti ayambe amwa mankhwala.

Abambo a pawindo ndiwo anayamba kutuluka. Bala la mnzawo linachedwa kupola, moti anakhalitsa nafe. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma Lachitatu lotsatira ndinangoona abambo aja akulowa, atakwera mabasi awiri, nyuzipepala ili m'khwapa. Anakoka mpando n'kuyamba kukangana za mpira. Sanaphonye Lachitatu ngakhale limodzi.

Ulendo wina anabwera ndi mnyamata wamtali, wometa mpala, nkhope yopsa ndi dzuwa. Anali mdzukulu uja, atabwera kutchuthi ali bwinobwino. Agogo akewo anamukankhira kubedi.

"Tampatsa moni mkuluyu. Ndi wouma mutu kuposa ine."

Mnyamatayo anawagwira dzanja, nakhala pansi, n'kuwafunsa za nyumba zimene ankafukulamo anthu. Ine ndinapita kukabweretsa mpando wina.