Mpanda wa a Hedi

Azakhali a mwamuna wanga, a Mabrouka, ndi mkazi yekhayo m'mudzi mwathu pa zilumba za Kerkennah amene ali ndi munda wake m'nyanja. Amuna awo atamwalira, anthu ankati augulitsa. Iwo anangovala nsapato za malemuwo n'kulowa m'madzi kukakonza mpanda wa nthambi za kanjedza umene umakola nsomba. Kuno munda wa m'nyanja uli ngati wa kumtunda, wa mnzako sulowamo. Ndiye wawo unagundana ndi wa a Hedi, amene anasiya kuyankhulana nawo kalekale chifukwa cha malire.

Tsiku lina azakhaliwo ananditenga pa bwato kupita pa kachilumba ka nsanja younikira zombo, kukapaka laimu kanyumba kakale ka miyala kamene alendo amagonamo. Ndinapita ndi mwana wanga Slah, wa miyezi isanu ndi itatu. Masana thupi lake linatentha, maso n'kutembenuka. Ndinakuwa.

A Mabrouka anayang'ana mwanayo, kenako nyanja. Madzi anali akuphwa. Anati tikadzera njira yozungulira minda, bwato litsakamira m'matope ndipo kwa namwino tikafika mawa.

"Khala pansi, iwe wa m'tauni. Kulira ukalirire kutsidya."

Anakankha bwato ndi mtengo wautali, molunjika pa mpanda wa a Hedi. Nthambi zinathyoka, nsomba zili balala kuthawa. Ine maso anali pa chifuwa cha Slah, kuona ngati chikukwera.

A Hedi anali m'madzi olekeza m'chiuno. Anayamba kutukwana, kutchula mpaka agogo athu.

"Hedi, tseka pakamwa, mwana akudwala! Tsegula uko!"

Bamboyo anasuzumira m'bwato. Anazula yekha nthambi za mbali inayo n'kutikankha mpaka pa madzi akuya.

Namwino atam'baya jakisoni Slah, thupi linazizira, madzulo n'kuyamba kuyamwa.

M'mawa mwake ndinawapeza azakhali atasadza mitengo yawo iwiri ya kanjedza. Sabata yonse anakhala akuzika nthambi m'munda wa a Hedi, mwiniwake ali pambali kudandaula kuti mzere wakhota. Iwo ankamuuza kuti unali wokhota kale.

Mpaka lero sapatsana moni. Koma a Hedi akandiona pa doko amafunsa, "Kamnyamata kaja kakudya?"