Njerwa 10,007 za ku Machinjiri

Njerwa zanga zinali 10,007. Ndinaumba ndekha kuseri kwa nyumba ku Machinjiri, mphamvu zikadalipo, ndikulota nyumba ya zipinda zinayi. Mayi a ana atatisiya, ndinaona kuti zipinda zinayi n'zochuluka kwa munthu wogona pa bedi limodzi. Uvuni unangokhala mpaka kumera udzu.

Ana anga atatu anali atasiya kubwera. Wamkulu ali ku Ndirande, wachiwiri ku Chilomoni, wamkazi ku Zingwangwa, ndipo onse nyimbo ndi imodzi: "Tatanganidwa, adadi." Ndiye ndinawaimbira foni kuti adzatenge njerwa. Loweruka lomwelo onse anatulukira, atanyamula masikono ndi mkaka.

Ndinaika lamulo: agawane chimodzimodzi, isatsale ngakhale imodzi, ndipo kuswa ayi. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma aphunzitsi anatikhomerera ndi ndodo kuti uziphatikiza manambala amene apanga nambalayo, ndipo yankho likakana kugawika ndi 3, nambala yonseyo yakananso. 1 kuphatikiza 7 ndi 8, ndipo 8 sagawika ndi 3. Ndinakhala pampando n'kumaonerera.

Anaphwasula uvuni, anasanja milu itatu, zinatsala ziwiri.

"Mwawerenga molakwa," ndinatero. "Bwerani Loweruka linalo."

Anabweradi. Anati agawe panayi, ine ndilowemo, zinatsala zitatu. Anawonjezera amalume awo, zinatsala ziwiri. Wamkulu ankatukwana fumbi, mlongo wake n'kumamuseka kuti masamu anayamba kumuthawa ali wa kabudula. Ine tiyi wa mkaka Loweruka lililonse, miyezi iwiri, pabwalo pali phokoso la ana anga.

Anandiwonongera ndi apongozi, mkazi wa wachiwiriyo, mphunzitsi wa masamu. Analembalemba papepala, kenako anadzagwada pafupi nane.

"Adadi, nambala yanuyi ndi pulayimu. Imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yokha basi. Pa manambala a madijiti asanu, ndiyo yoyamba ya mtundu umenewu."

"Ndiye kuti ndaumba chinthu chapamwamba?"

"Mwaumba mlandu. Pokhapokha mutaitana anthu 10,007, aliyense yake imodzi."

"Aitaneni, mayi. Koma abwere ndi shuga wawo."

Anaseka, koma anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti andigwira. Anatola njerwa ziwiri, n'kukweza mwendo wanga wotupa, n'kuutsamiritsa pamenepo.

"Kuchipatala anati mwendo uzikhala pamwamba. Izi sizinatsale, adadi, zili pantchito."

Ndinagonja. Zinatsala 10,005, aliyense zake 3,335. Lole inabwera katatu tsiku limodzi.

Loweruka lotsatira ndinasesa pabwalo, ndinatulutsa mipando, ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Anaimba foni ndi apongozi okha, kufunsa za mwendo. Ndinati watupa koopsa, mwina onse abwere adzauone. Anati ayesa mwezi ukatha.