Lilime la a Kuramochi

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, palibe mwendo wa nkhanu umene unatuluka m'fakitale yathu ya ku Noto a Kuramochi asanaulawe. Ndikuti wa nkhanu, koma nkhanu sinapondemo n'kamodzi komwe. Timapera nsomba zoyera, n'kuzitsuka katatu mpaka fungo lonse lithe, kenako timathiramo mchere, shuga, choyera cha dzira ndi fungo lochita kupanga. Phalalo timaliyala ngati pepala, kuliphika ndi nthunzi, kulicheka timizere, n'kulikulunga m'pulasitiki ngati mwendo wa nkhanu. Ine ndinkayang'anira utoto wofiira wa pamsana.

A Kuramochi ankatafuna atatsinzina, makina onse ataima. Akangoti, "Nkhanu yachepa," matani awiri ankabwerera. Zinkandipsetsa mtima, chifukwa ndine ndekha ndinkadziwa kuti munthuyu nkhanu yeniyeni anali asanailaweko. Bambo awo anafa atatupa nayo pakhosi, ndipo mayi awo anawalumbiritsa akadali mwana kuti asadzaidye.

Tsiku lowatsanzika popuma pantchito, bwana anagula chinkhanu chenicheni kwa asodzi, chinaphikidwa, n'kuikidwa patsogolo pawo. Tonse tinali titagwada pamikeka, mowa wa mpunga m'manja.

"Akatswiri, tiuzeni," anatero bwana. "Iyi ndi yathu ija zikusiyana pati?"

A Kuramochi anatenga mwendo umodzi n'kuutembenuza uku ndi uku, kufunafuna pulasitiki yoti asende. Ndinawalanda msanga n'kuwaswera.

"Musadye, achimwene," ndinawanong'oneza. "Ingonenani kuti m'mimba mwavuta."

"Ndiye anthu aziti chiyani, chemwali?"

Anaponya mkamwa n'kutsinzina. Ine maso anali pakhosi pawo, chala chili kale pa nambala ya ambulansi.

"Shuga wachepa," anatero potsiriza. "Mnofu ukuduka msanga. Utoto nawo ndi wamphwayi, uku kufiira, uku kutuwa. Ikanakhala yathu ikanabwerera."

Anthu anawomba m'manja. Bwana analemba zonse m'kabuku, ndipo wophika anatuluka kudzawerama, kupepesa m'malo mwa nkhanuyo.

Phwando litatha ndinawapeza podikirira basi, maluwa ali pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe. Khosi linali bwinobwino. Chifundo chinandigwira, ngakhale sindinafune.

"Mwapulumuka ndi moyo, ulemu wanu uli pomwepo. Nanga mukuliranji?"

"Chemwali, kodi zija tinkapanga zija n'chiyani?" anandifunsa. "Sizifanana ndi yeniyeniyi n'pang'ono pomwe. Nonsenu munkaidya, munkadziwa. Zaka zonsezi, osandiuzako ndi mmodzi yemwe?"