Ngumbi za Amake Esinati

Mvula yoyamba ikagwa ku Area 23, fumbi limene linatizunza chilimwe chonse linkasanduka kafungo kokoma ka dothi lonyowa, ndipo dzuwa likamapendeka ngumbi zinkatuluka m'chulu cha kuseri kwa tchalitchi ngati utsi. Ife ana tinkasiya mpira wathu wa majumbo pakati pa msewu n'kuthamangira pa getsi la pagolosale, aliyense ndi beseni lake la madzi, tikukankhana ndi zigongono, mapiko akutimata kumaso. Kukacha poloti yonse inkanunkhira mafuta a ngumbi zokazinga, ndipo padenga lililonse panali thumba loyanikapo, mwana wina atapatsidwa ntchito yoingitsa akhwangwala.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la amake Esinati, mayi wamasiye wa ku Mulanje amene ankalera mwana wake ndi geni ya zitumbuwa. Pokazinga ngumbi panalibe wowaposa, ndinene zoona. Pa poloti pathu panali lamulo losalembedwa: mbale ikabwera ndi chakudya kuchokera kwa aneba, siibwerera yopanda kanthu. Uikemo ngakhale tomato kapena kamchere. Mbale zawo ndi za amayi zinkangodutsana pakhonde mpaka osadziwikanso kuti iyi ndi ya ndani.

Chaka chimene ndinali Sitandade 7, amake Esinati anatitumizira ngumbi zoyamba za nyengoyo. Tinadya tonse. Pasanapite nthawi mlongo wanga wamng'ono, Tadala, anayamba kudzikanda m'khosi. Milomo inatupa, maso anatsekeka, thupi lonse zidzolo, ndipo akamapuma pachifuwa pankalira ngati mluzu. Abambo anam'bereka n'kuthamanga naye kuchipatala opanda nsapato. Anam'baya jekeseni, anabwerako ali bwino, ndipo adokotala anati mwina ndi ngumbizo. Amayi anakana kwamtuwagalu. “Chaka chatha anadya mpaka kunyambita zala, anatupa? Lero tadya tonse m'mbale imodzi, nanga zasankha bwanji mwana wanga yekha? Izi n'zochita kutumiza.” Azimayi a pampopi anavomereza, ndipo wina anakumbutsa kuti mwamuna wa amake Esinati anamwalira mosadziwika bwino.

Mbale ija inabwerera yopanda kanthu, ndipo anatumidwa ndine. Mtima wanga wapachalawu sunayambe lero. Ndinakaimenyetsa pakhonde pawo mpaka inazungulira. Amake Esinati anatuluka akupukuta manja pachitenje, anayang'ana mbaleyo, kenako anandiyang'ana ine. “Mwana wadzuka bwanji?” anafunsa. Ndinayankha kuti akudziwa okha, n'kubwerera kunyumba ndikudziona ngati mwamuna.

Zotsatira zake zinayenda mwakachetechete, mmene zimayendera nkhani zotere m'tauni. Palibe anawatukwana pamaso. Kungoti akafika pampopi, nkhani zinkaduka. Zitumbuwa zawo zinkaswera m'beseni mpaka kuuma. Esinati akabwera pa fulaye, atsikana ankati timu yakwana, iye n'kuima pambali akuluma kolala ya diresi. Kenako alandilodi anati nyumbayo akufuna alowemo m'bale wawo. Khirisimasi isanafike katundu wawo anakwera kangolo, ulendo wa ku Chinsapo, ndipo amayi anati tsopano tipume.

Mvula ya chaka chotsatira itagwa, ngumbi ndinagwira ndine, anakazinga ndi amayi, m'chiwaya chathu, ndi mchere wathu. Tadala anatupa kuposa poyamba, mpaka anam'goneka. Adokotala a ulendo uno anali mayi wosanyengerera, ndipo anawakalipira makolo anga ine ndikumva. Anati m'thupi muli asilikali amene ntchito yawo ndi kuzindikira chachilendo chikalowa n'kulimbana nacho, monga amachitira ndi tizilombo ta matenda. Koma mwa anthu ena asilikaliwo amalakwitsa. Asilikali a Tadala anatenga kanthu kena ka m'nyama ya ngumbi ngati mdani. Chaka chimene anadya ngumbi koyamba anangokaona n'kukasunga m'mutu, n'chifukwa chake sanatupe. Ulendo wachiwiri anali atakonzeka, ndipo kutupa konse kuja, kuyabwa ndi kubanika, inali nkhondo ya thupi lake lomwe. M'mbale munalibe chilichonse choipa. “Mukam'patsanso, mudzam'taya,” anatero.

Tinabwerera kunyumba. Abambo anangoti ngumbi zisalowenso m'nyumba muno, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti ku Chinsapo si kutali. Amayi ankapitako kumaliro, abambo ankapitako kukagula matabwa. Tonse tinamva mawu a adokotala, tonse tinadziwa tanthauzo lake, koma palibe mmodzi anatchula dzina la mayi uja. Thupi la Tadala linali ndi chowiringula, silinkadziwa kuti likulakwitsa. Ife tinauzidwa m'Chichewa chomveka bwino.

Ndinakumana ndi amake Esinati ndili mnyamata wandevu kale, pa msika wa ku Chinsapo komweko, akugulitsa masamba, tsitsi litachita mbuu. Anandizindikira ndi iwo. “Si iwe mchimwene wake wa Tadala? Wakula! Nanga mwana uja, zotupa zija zinam'siya?” Anafunsa ngati munthu amene wakhala akudandaula nazo zaka zonsezo. Apa ndi pomwe ndikanawauza zonse, kuti mlandu unalibe mwini, kuti tinadziwa kalekale. Ine amene ndimakalipira kondakitala mpaka minibasi yonse kukhala chete, sindinawauze. Ndinati ali bwino, amayi, anakwatiwa. Anawomba m'manja, nati Mulungu ndi wabwino, n'kutembenukira kwa munthu wofuna nkhwani. Ndinachokapo ndikuwasiya akudziwabe kuti kwathu timawatcha mfiti.